Mwana wabadwa koma mayi sakusangalala: matenda okhumudwa pambuyo pobereka

Mayi akachira, pakhomo pamadzaza anthu. Wina wabwera ndi ufa, wina sopo, wina chitenje, ndipo mafunso onse amakhala a khanda: akuyamwa bwino? Mchombo wagwa? Ndi ochepa amene amakhala pansi ndi mayi wa m'chikutayo n'kumufunsa kuti mumtima mwake muli bwanji. Chonsecho amayi ambiri amadwala matenda a maganizo pa nthawi yomweyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko osauka, pafupifupi amayi 20 pa 100 aliwonse amene angobereka kumene amavutika ndi matendawa, makamaka kukhumudwa.

Kusiyanitsa kutopa ndi matenda

Pa masiku oyambirira, mayi akhoza kulira popanda chifukwa chenicheni, kupsa mtima msanga kapena kuda nkhawa ndi mwana. Izi zimachitikira amayi ambiri chifukwa mahomoni, omwe ndi timadzi toyendetsa ntchito za m'thupi, amatsika mwadzidzidzi mwana akabadwa, komanso tulo timasowa. Zimatha zokha pasanathe milungu iwiri.

Zikapitirira milungu iwiri, ganizirani za matenda okhumudwa. Mayi amakhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku. Zomwe ankakonda, monga kucheza ndi anzake kapena kuimba kwaya, sizimukomeranso. Mwana akagona iye tulo osabwera, maganizo ali yakaliyakali. Chakudya sachifuna. Amadziona ngati mayi wolephera, ndipo ena amaulula mwamanyazi kuti akamuyang'ana mwana samva chikondi chimene ankayembekezera. Matendawa akhoza kuyamba mayi akadali woyembekezera, kapena nthawi ina iliyonse m'chaka choyamba cha mwana.

Kwathu kuno sikawirikawiri mayi kufika kuchipatala n'kunena kuti "ndakhumudwa". Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanya, kapena ndikuganiza kwambiri. Amayezedwa malungo osapezeka, n'kubwerera ndi panado. Ngati zimenezi zakuchitikirani kangapo, auzeni anamwino za kusowa tulo, kulira ndi maganizowo. Ululu wa m'thupiwo ndi weniweni, koma gwero lake likhoza kukhala m'maganizo.

Chimayambitsa n'chiyani?

Nthawi zambiri zifukwa zimakumana zingapo: kumenyedwa kapena kunyozedwa m'banja, bambo kukana mimba, kusowa chakudya ndi ndalama, kubereka movutikira, kumwalira kwa mwana kapena kupita padera m'mbuyomu, kumva kusikelo kuti uli ndi kachilombo ka HIV, kapena kudwalapo matenda a maganizo kale. Amagwiranso mayi wa banja lamtendere, wosasowa kanthu. Amagwira wopemphera kwambiri ndi wosapemphera yemwe, choncho tisamuuze mayi kuti chikhulupiriro chake chachepa. Mawu oti "limba mtima, anzako anabereka kale" amangomutseka pakamwa, matenda n'kumakula.

Nkhaniyi imakhudzanso mwana. Mayi wokhumudwa amavutika kuyamwitsa pafupipafupi, kusewera ndi khanda ndi kukumbukira masiku a sikelo. Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha Thyolo anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo ankatsalira pa kakulidwe ka msinkhu poyerekeza ndi anzawo.

Thandizo lilipo

Yambirani pachipatala chapafupi. Mukapita kukaonedwa patatha sabata imodzi, kapena kukabayitsa mwana katemera wa milungu 6, uzani azamba kapena anamwino. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhozanso kukulozerani koyenera. Pazipatala za maboma pamapezeka anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo pofunika ukatswiri wapadera pali chipatala cha Zomba Mental, Queen Elizabeth ku Blantyre ndi St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Amayi ambiri amachira ndi uphungu: kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa, kutchula mavuto limodzi ndi limodzi ndi kupeza poyambira. Njira ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, inaonetsa kuti ngakhale agogo a m'mudzi akaphunzitsidwa bwino amatha kupereka uphungu wotere. Matenda akakula, dokotala amapereka mankhwala. Sagwira tsiku lomwelo. Pamatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo amamwedwa kwa miyezi ingapo ngakhale mutayamba kupeza bwino. Auzeni adokotala kuti mukuyamwitsa, chifukwa alipo mankhwala oyenera mayi woyamwitsa. Musasiye kuyamwitsa kapena kumwa mankhwala panokha.

Abambo, apongozi ndi azilamu, gawo lanu ndi lalikulu. Mayiyu afunika tulo. Nyamulani mwana usiku akatha kuyamwa, tungani madzi, phikani, chapani matewera. Mufunseni mwaulemu mmene akumvera ndipo mumvetsereni osamudula mawu. Tsiku lopita kuchipatala, mperekezeni.

Zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo

Mayi akanena kuti akufuna kudzipha kapena kuvulaza mwana, musaganize kuti akungolankhula. Musamusiye yekha, ndipo chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi zingwe. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo. Kumamupatsa mpata wolankhula.

Palinso matenda ena osowa, ogwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, amene amayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri m'milungu iwiri yoyambirira. Mayi amabalalika, amatha masiku osagona, amamva mawu a anthu osaoneka, mwina kukana kuti mwanayo si wake. Achibale ambiri amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa, masiku n'kumapita. Matendawa amachizika, koma afunika chipatala msanga. Kubalalika kumene kwabwera ndi kutentha thupi kapena kukomoka kukhoza kukhala malungo aakulu, matenda a m'chiberekero kapena kuthamanga kwa magazi. Pezani galimoto kapena njinga nthawi yomweyo, wina wamkulu anyamule mwana, ndipo musaiwale buku la kuchipatala la mayi.