Kuchoka pa green card kufika pa pasipoti ya America: mafunso ndi mayankho

Munthu akakhala ku America zaka zingapo ndi green card, khadi yololeza mlendo kukhazikika m'dzikolo, amafika podzifunsa ngati nthawi yopempha unzika yakwana. Ntchitoyi ili m'manja mwa maofesi awiri. Unzika amapereka ndi a USCIS, nthambi yoona za anthu obwera m'dzikolo, pomwe pasipoti imachokera ku Department of State, unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Mukathana ndi oyambawo, kwa achiwiriwo mumakayamba nokha, ndi fomu ina komanso ndalama zina.

Kodi ndani angapemphe unzika?

Muyenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, komanso kuti mwakhala ndi green card kwa zaka 5. Amene ali pabanja ndi nzika ya America amadikira zaka 3 zokha, bola zaka zonsezo akhala akukhalira limodzi ndipo mnzawoyo adali kale nzika nthawi yonseyo. Muyeneranso kukhala mutatha miyezi itatu m'chigawo chomwe mukupemphera, kaya ndi Maryland kaya Indiana.

Fomu yake ndi N-400, ndipo lamulo limalola kuitumiza kutatsala masiku 90 kuti zaka zija zikwane. Powerenga, yambirani pa deti lomwe lili pa khadi pamene palembedwa kuti "Resident Since", osati tsiku lomwe khadiyo idakufikani pa positi. Mukafulumira ngakhale ndi tsiku limodzi, atha kuikana fomuyo.

Ndimapitapita kwathu kukaona abale. Kodi zimenezi zingandisokoneze?

Zingathe, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa, chifukwa mawerengedwe ake ndi awiri.

Koyamba amaphatikiza masiku onse omwe mudali m'dziko la America. Pa zaka 5 zija, muyenera kukhala mutapezekamo miyezi 30 kapena kuposa. Kwa a zaka 3, ndi miyezi 18. Tsiku lomwe mwanyamuka ndi lomwe mwabwerera amawatenga ngati masiku omwe mudali m'dzikomo.

Kachiwiri amayang'ana kutalika kwa ulendo uliwonse paokha. Ulendo ukapitirira miyezi 6, ofesala wa USCIS amayamba ndi maganizo oti mudasamuka, ndipo zili kwa inu kumutsimikizira kuti sizidali choncho: kuti ntchito simudasiye, lendi mumalipirabe, banja lidatsala komweko. Ulendo ukafika chaka chathunthu, zaka zija zimaduka ndipo mudikiranso. Choncho munthu atha kukhala ndi miyezi 30 yokwanira bwinobwino, koma n'kugwa chifukwa cha ulendo umodzi wa miyezi 8 wokadwazika mayi ake. Lamuloli silimvera chisoni chifukwa chomwe mudapitira, limafuna umboni woti moyo wanu udali udakali ku America.

Fomu imafuna kuti mulembe maulendo anu ndi madeti ake. Musadalire mutu. Tsegulani pasipoti yanu, onani zidindo, fufuzaninso matikiti akale mu imelo.

Zimadya ndalama zingati?

Kuyambira pa 1 Epulo 2024, N-400 ndi $760 mukatumiza ya papepala, ndi $710 mukalemba pa intaneti. Amene amapeza ndalama zochepa atha kupempha mtengo wotsika wa $380, ndipo ena amakhululukidwa zonse kudzera pa fomu I-912. Mitengoyi imasintha, choncho yang'anani pa tsamba la USCIS tsiku lomwe mukutumiza. Akakukanani, ndalama sabweza.

Akamati "khalidwe labwino" amatanthauza chiyani kwenikweni?

A USCIS amafuna kuti wopempha unzika akhale wa khalidwe labwino, koma safunsa ngati mumapemphera. Amayang'ana mbiri yanu ndi apolisi, misonkho, ndalama zothandizira ana omwe simukhala nawo, ndiponso ngati mudanamizapo boma. Mukapereka fomu amatenga zidindo za zala zanu, kapena kugwiritsa ntchito zomwe ali nazo kale, n'kuzifufuza ku FBI, nthambi ya boma yofufuza milandu. Mlandu womwe mudaganiza kuti udafufutika kalekale, iwo amauona. N'chifukwa chake fomuyo imafunsa ngati "mudamangidwapo", osati ngati "mudapezekapo wolakwa" kokha. Nenani zoona, ndipo pitani ndi mapepala a kukhoti osonyeza mmene mlandu udathera. Kawirikawiri bodza limawononga kuposa mlandu womwe mumaubisawo.

Pali zinthu zitatu zomwe anthu amaziona ngati zazing'ono. Choyamba ndi chamba: n'chololedwa m'zigawo monga Colorado ndi California, koma malamulo a boma lalikulu amachiletsabe, ndipo unzika umayendera malamulo a boma lalikululo. Chachiwiri n'kulembetsa mavoti. Munthu amapita kukatenga laisensi yoyendetsera galimoto, pa fomu pali kabokosi kofunsa ngati akufuna kulembetsa m'kaundula wa mavoti, iye n'kuchonga osawerenga bwino. Kudzitcha nzika usanakhale nzika ndi mlandu waukulu, wotha kuchotsetsa munthu m'dzikomo. Chachitatu chikukhudza amuna omwe adakhala ku America ali pakati pa zaka 18 ndi 26: amafunsidwa ngati adalembetsa ku Selective Service, kaundula wa omwe angaitanidwe ku usilikali.

Ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani, onanani ndi loya weniweni wa nkhani zolowa m'dziko musanatumize kalikonse. Kupempha unzika kumatsegula fayilo yanu yonse, kuyambira momwe mudapezera green card. Chenjeraninso ndi anthu odzaza mafomu pa mtengo wotsika omwe alibe chilolezo chopereka uphungu wa zamalamulo. Akalakwitsa, woyankha ndinu.

Mayeso ake ndi ovuta?

Kwa munthu amene wakonzekera, ayi. Zonse zimachitika m'kaofesi ka ofesala mmodzi. Amayamba ndi kukuuzani kuti mukweze dzanja lamanja mulumbire kunena zoona, kenako amadutsa nanu fomu yanu funso ndi funso. Kucheza komweku ndiye mayeso a kulankhula Chingerezi, ngakhale ambiri sazindikira. Powerenga, mumapatsidwa ziganizo mpaka zitatu ndipo chimodzi chokha chikalondola mwakhoza. Polemba n'chimodzimodzi.

Mayeso a mbiri ndi kayendetsedwe ka dziko ndi apakamwa. Kwa zaka zambiri kudali mafunso 100 owerengeratu, ofesala n'kufunsapo 10, inu n'kukhoza 6. Amene adatumiza fomu kuyambira pa 20 Okutobala 2025 akukumana ndi mayeso atsopano: mafunso owerengeratu ndi 128, amafunsa mpaka 20, ndipo muyenera kukhoza 12. Mafunso ndi mayankho onse ali poyera pa tsamba la USCIS. Ingosamalani ndi mayankho omwe amasintha zisankho zikachitika, monga dzina la pulezidenti, bwanamkubwa wa chigawo chanu kapena senator wanu (phungu wa ku nyumba ya malamulo ya Senate). Kabuku kobwereka kwa mnzanu amene adalemba zaka zapitazo kangakugwetseni pomwepa.

Mukalephera gawo lina, amakupatsani mwayi wachiwiri pakati pa masiku 60 ndi 90, ndipo mumabwereza gawo lokhalo. Akakukanani, muli ndi masiku 30 opempha kuti aunikenso kudzera pa fomu N-336.

Bambo anga ndi achikulire ndipo Chingerezi chimawavuta. Pali chowachitira?

Chilipo. Amene ali ndi zaka 50 ndipo akhala ndi green card zaka 20, kapena zaka 55 ndi green card ya zaka 15, salemba mayeso a Chingerezi. Mafunso a mbiri amayankhabe, koma m'chilankhulo chawo, atabwera ndi womasulira. A zaka 65 omwe akhala ndi khadi zaka 20 amawerengeratu mafunso 20 okha. Ngati vuto ndi matenda olepheretsa kuphunzira, dokotala amadzaza fomu N-648.

Ofesala wandiuza kuti ndakhoza. Ndiye kuti tsopano ndine nzika?

Ayi ndithu. Paja akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Unzika umayamba pa mphindi yomwe mwatsiriza kulumbira, osati pomwe ofesala wakumwetulirani. Maofesi ena amalumbiritsa tsiku lomwelo, ena amatumiza kalata ya N-445 yotchula tsiku ndi malo. Kalatayo ili ndi mafunso ofuna kudziwa zomwe zachitika chichokereni ku mayeso: mwatulukapo m'dziko, mwakwatira kapena kusudzulana, mwamangidwapo? Mayankho ake atha kuimitsa zonse. Pa masabata amenewa mukadali munthu wa green card, choncho musavote, ndipo musalembe paliponse kuti ndinu nzika.

Pa tsiku lolumbira pamachitika zotani?

Pakhomo mumapereka green card yanu ndipo simudzaionanso. Mukalumbira, amakupatsani satifiketi ya unzika yokhala ndi chithunzi chanu. Musathamangire kujambulitsa ndi kambendera musanaiwerenge. Imani pomwepo, onani kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo, deti lobadwa, ndi dziko lomwe mudachokera. Cholakwika chikapezeka mudakali m'holomo, chimakonzeka mosavuta. Mukachitulukira kunyumba, ndi nkhani ya fomu N-565 ndi kudikira kwa nthawi yaitali. Satifiketiyi ikatayika, ina imadya madola opitirira 500.

Amene akufuna kusintha dzina amapempha pa N-400 pomwe, koma dzinalo limasintha pokhapokha mwambo wolumbira ukachitikira pamaso pa woweruza. Amene chipembedzo chawo sichilola kugwira zida atha kupempha kuti mawu okhudza usilikali achotsedwe pa lumbiro lawo.

Ndingakwere ndege mawa lake ndi pasipoti yanga yakale?

Ili ndiye funso lomwe ndikadakonda aliyense atalifunsa asanagule tikiti. Malamulo a America amati nzika yake izituluka ndi kulowa m'dzikomo ndi pasipoti ya America. Tsono taganizani mmene zinthu zilili tsiku lotsatira mwambo: green card mwapereka, pasipoti yatsopano mulibe, ndipo visa simungapatsidwe chifukwa nzika sipatsidwa visa yolowera m'dziko lake lomwe. Satifiketi ya unzika si chiphaso choyendera. Mutakwanitsa kutuluka ndi pasipoti yakale, pobwerera a kampani ya ndege adzakufunsani chikalata chokulolani kulowa ku America, ndipo mudzathera ku ofesi ya kazembe kukapempha pasipoti ya mwadzidzidzi.

Ngati muli ndi ukwati kapena mwambo wina kunja womwe deti lake mukulidziwa, werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa detilo. Nthawi zina n'kwanzeru kupempha kuti tsiku lolumbira alisunthe, muyende kaye ndi green card, kusiyana n'kulumbira lero n'kupezeka kuti mwamangika.

Nanga pasipoti yoyamba ndiipempha bwanji?

Yoyamba simungaipemphe pa intaneti kapena kungotumiza pa positi. Mumadzaza fomu DS-11 n'kupita nayo nokha ku malo olandirira mafomu, omwe nthawi zambiri ndi positi ofesi, laibulale kapena ofesi ya kalaliki wa khoti. Malo ambiri amafuna kuti mupanganiretu nawo tsiku. Fomuyo musasayine kunyumba. Mumasayina pamaso pa wolandirayo akakuuzani.

Tengani satifiketi yeniyeni ya unzika pamodzi ndi fotokope yake, chiphaso chokhala ndi chithunzi monga laisensi ndi fotokope ya mbali zonse ziwiri, nambala yanu ya Social Security (yomwe boma limakudziwirani pa ntchito ndi misonkho), ndi chithunzi chimodzi cha mainchesi 2 mulitali ndi 2 mulifupi. Chithunzicho chikhale cha m'miyezi 6 yapitayi, kumbuyo koyera, ndipo magalasi a maso muvule. Ndalama zimalipidwa pawiri: $130 ya ku Department of State, yomwe kawirikawiri imafuna cheke kapena money order, ndi $35 ya malo omwe akulandirani. Ofuna kuti ifulumire amawonjezera $60. Pasipoti ya munthu wa zaka 16 kupita m'tsogolo imagwira ntchito zaka 10.

Pali kakhadi kotchedwa passport card ka $30. Kamathandiza podutsa pamtunda kapena panyanja kuchokera ku Canada, Mexico, Bermuda ndi zilumba za Caribbean, koma pa ndege yopita kunja sikagwira ntchito.

Akufuna kutenga satifiketi yanga yeniyeni. Ndiwapatse?

Apatseni, ndi momwe zimayendera. Mtima umapweteka kuona pepala lomwe mwalidikira zaka zonsezi likulowa mu envelopu ya munthu wina, koma amalibweza. Limabwera palokha, nthawi zina patapita masabata angapo pasipoti itafika kale, choncho musadzidzimuke mukatsegula envelopu yoyamba n'kupezamo pasipoti yokha. Musanaipereke, ijambuleni n'kusunga bwino, ndipo ngati pali kwina komwe akufuna kuona yeniyeni, monga ku ofesi ya Social Security, konzani kuti ziwirizi zisawombane.

Ulendo ukakhala wa m'masiku 14 akubwerawa, musapite ku positi ofesi. Pemphani tsiku ku ofesi yaikulu ya mapasipoti, mutatenga umboni wa ulendowo.

Ana anga nawonso ayenera kudzaza N-400?

Ayi, ngati sanakwanitse zaka 18, ali ndi green card, ndipo akukhala nanu ku America inu muli ndi udindo wowalera mwalamulo. Lamulo la Child Citizenship Act la 2000 limawapatsa unzika tsiku lomwe inu mwalumbira. Chomwe alibe ndi umboni. Mutha kuwatengera pasipoti mwachindunji mutasonyeza satifiketi yanu, green card ya mwanayo ndi chikalata chake chobadwira, chomasuliridwa ngati sichili m'Chingerezi. Mwana wosakwana zaka 16 amafunika kubwera ndi makolo onse awiri, apo ayi kholo lomwe palibe lisayine fomu DS-3053, ndipo pasipoti yake ndi ya zaka 5. Satifiketi yakeyake imapemphedwa pa fomu N-600. Si yokakamiza ndipo ndi yodula, koma siitha ntchito ngati pasipoti. Mwana amene wakwanitsa zaka 18 inu musanalumbire, ngakhale ndi sabata imodzi, adzayenera kudzipemphera yekha.

Kodi unzika wa dziko lomwe ndidabadwira umatha?

Lumbiro lili ndi mawu okana kumvera maulamuliro ena, koma boma la America silikulandani pasipoti yakale ndipo limalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Wogamula ndi dziko lanu loyambalo. India ndi China, mwachitsanzo, savomereza unzika wa mayiko awiri, pomwe mayiko ena amalola koma amafuna kuti mukalembetse. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu musanalumbire. Ngati zonse ziwiri zikhalabe zanu, potuluka ndi polowa ku America muzionetsa ya America, ndipo inayo muitulutse mukafika pa chipata cha dziko lomwe lidaipereka.