Tosai, nisai, sansai: mmene alimi a ku Japan amawerengera zaka za nsomba za koi

Koi ndi nsomba zimene anthu amaweta pofuna kukongola kwake, osati ndiwo. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Ojiya ndi Yamakoshi, m'chigawo cha Niigata, ndipo mawu otchulira msinkhu wake amagwirabe ntchito m'Chijapani ngakhale nsombayo igulitsidwe ku London kapena ku Johannesburg.

Kodi mawu amenewa amatanthauza chiyani?

Tosai ndi nsomba imene ili m'chaka chake choyamba. Nisai ili m'chachiwiri, sansai m'chachitatu, yonsai m'chachinayi, gosai m'chachisanu. Timwana tongoswa kumene amatitcha kego chifukwa timakhala toonda ngati tsitsi. Nsomba zosungidwa kuti ziziswa ndi oyagoi.

Ndiye kuti nisai yakwanitsa zaka 2?

Ayi, ndipo ogula ambiri amasokonezekera pomwepa. Chiwerengerochi chimatsata kawerengedwe kakale ka ku Japan, kamene chaka chobadwa ndiye choyamba kale. Ku Niigata koi zimaswa cha mu Meyi ndi Juni. Tiyerekeze yoswedwa mu Juni 2023. Pofika Okutobala chaka chomwecho ndi tosai. Januwale 2024 akangolowa, alimi amayamba kuitchula kuti ake nisai, kutanthauza kuti yangoponda kumene chaka chachiwiri, chikhalirecho ili ndi miyezi 7 yokha. Imakhala nisai yeniyeni mu Okutobala 2024, ili ndi miyezi 16. Amalonda ena akunja amapitiriza kuitchula tosai mpaka itakwana chaka, choncho ndi bwino kungofunsa mwezi umene inaswedwa.

N'chifukwa chiyani amawerenga nyengo m'malo mwa miyezi?

Chifukwa koi imakula kukatentha. Alimi amaika nsomba m'maiwe amatope kukayamba kufunda, n'kudzazivuula mu Okutobala ndi Novembala chipale chisanagwe. Ntchito yovuulayi ndi ikeage. Ku Niigata chipale chimakwirira maiwe, motero nsomba zimagonera m'mathanki a m'nyumba. Dzina la msinkhu likunena kwenikweni kuti nsombayo yadutsa nyengo zingati zokulira.

Kodi kutalika kungandiuze msinkhu?

Pang'ono chabe. Tosai zambiri zimagulitsidwa zili pakati pa masentimita 10 ndi 20, koma zilipo jumbo tosai, zimene mlimi amazisunga m'madzi otenthetsedwa nyengo yonse yozizira n'kumazidyetsa mwakathithi, mpaka kupyola masentimita 30. Zazikazi zimakula kuposa zazimuna, ndipo magazi a makolo nawonso amalamula.

Nanga tategoi ndi msinkhu uti?

Si msinkhu, ndi chiweruzo cha mlimi. Nsomba imodzi yaikazi imaikira mazira masauzande mazanamazana, ndipo mlimi amasankha kangapo m'chilimwe choyamba, ntchito yotchedwa senbetsu. Mitundu ina sachedwa nayo: pa Showa, mtundu wa koi zakuda, zofiira ndi zoyera, amatola timwana takuda tokhatokha patangopita masiku ochepa tiswedwe. Zimene akuona kuti zidzakongola mtsogolo amazisunga, ndizo tategoi. Zimene anazisunga koma zagwa pa kusankha kotsatira amazigulitsa ngati tateshita. Ine ndimati wogula aziseka pang'ono akaona mawu akuti tategoi pa nsomba yotchipa, pakuti mlimi akanaikhulupiriradi sakanaitaya msanga. Komabe tateshita ya mlimi waluso imaposa nsomba zambiri za pamsika.

Pa zionetsero amagawa potengera zaka?

Ayi, amayeza kutalika. Magulu ake ndi bu, ndipo nambala yake ndi malire a masentimita: nsomba ya mu 40 bu siipyola masentimita 40. Pa chionetsero chachikulu cha dziko lonse, chokonzedwa ndi bungwe la alimi ndi amalonda la Shinkokai, magulu ambiri amasiyana ndi masentimita 5. Choncho nisai yokula msanga ikhoza kupikisana ndi sansai yaifupi.

Wongoyamba kumene agule ya msinkhu uti?

Tosai ndi yotsika mtengo koma ndi juga. Kufiira kumatha kuzilala, kuda kumatha kutuluka pamene sumayembekezera, makamaka pa Showa ndi Sanke (koi yoyera ya mawanga ofiira ndi akuda), ndipo n'kovuta kudziwa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Nisai yaonetsa kale thupi, khungu ndi chimene ili, n'chifukwa chake mtengo umalumpha, popeza mlimi waidyetsanso chaka china n'kuipatsa malo m'dziwe. Kuyambira sansai mukulipira zimene maso akuona. Kohaku (koi yoyera ya mawanga ofiira) yotchedwa S Legend, ya ku famu ya Sakai ku Hiroshima, inagulidwa pa mayeni (ndalama za ku Japan) 203 miliyoni mu 2018 ili ndi zaka 9, italika masentimita 101.