Kodi radiotherapy ingayambitse khansa ina? Mafunso ndi mayankho okhudza chiopsezochi ndi ndondomeko yoyezetsa

Pafupifupi theka la odwala khansa amalandira chithandizo cha radiotherapy, chimene ambiri amangochitcha kuwotcha khansa. Asanayambe, wodwala amapatsidwa chikalata choti asaine, ndipo m'chikalatamo mumakhala mawu amene amadetsa nkhawa anthu ambiri, akuti cheza chimene chikupha khansa lero chikhoza kudzayambitsa khansa ina patapita zaka. Mawu amenewa ndi oona, koma ayenera kumvetsetsedwa bwino kuti asathawitse munthu ku chithandizo chimene chikanamupulumutsa.

Kodi cheza chochiza chingayambitse bwanji matenda omwe chikuchiza?

Cheza chimapha maselo a khansa powononga DNA yawo, yomwe ndi malangizo achibadwa a mkati mwa selo, kuti asathenso kuchulukana. Koma kuti chifike pa chotupa chimadutsa m'minofu yabwinobwino, ndipo maselo a m'minofu imeneyo nawonso amavulala. Ambiri amadzikonza okha, ena amafa, koma ochepa amatsala amoyo ali ndi chilema chimene sichinakonzeke bwino, ndipo selo lotere ndi limene patapita nthawi yaitali lingasanduke khansa yatsopano. N'chifukwa chake khansa yachiwiri imaonekera kwambiri pamalo amene anawotchedwa kapena m'mphepete mwake.

Kodi imeneyi si khansa yoyamba ija imene yangobwerera?

Ayi, ndipo kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa machiritso ake ndi osiyana. Madokotala amatsatirabe mfundo zimene dokotala wina dzina lake Cahan ndi anzake anakhazikitsa mu 1948 pofufuza zotupa za m'mafupa: chotupa chatsopanocho chikhale pamalo amene panadutsa cheza, chikaunikidwa ku labotale chipezeke kuti ndi cha mtundu wina wosiyana ndi choyamba, ndiponso pakhale patadutsa zaka zingapo chithandizo chitatha.

Kodi chiopsezochi ndi chachikulu motani kwa munthu wamkulu?

Ndi chaching'ono kuyerekeza ndi mmene anthu ambiri amaganizira. Mu 2011 magazini ya zachipatala ya The Lancet Oncology inafalitsa kafukufuku wa akuluakulu oposa 600,000 a ku United States amene anakhala ndi moyo zaka 5 kapena kuposerapo atapezeka ndi khansa. Ofufuzawo anapeza kuti mwa khansa zachiwiri za zotupa zimene zinabuka mwa anthu olandira radiotherapy, pafupifupi 8 pa 100 zilizonse ndi zimene zikanatha kukhala zochokera ku cheza. Kunena mwanjira ina, pa anthu 1,000 alionse amene anawotchedwa, panali khansa zowonjezera pafupifupi 5 pofika zaka 15 kuchokera pamene anapezeka ndi khansa yoyamba. Khansa zina zonsezo zikuoneka kuti zinabwera chifukwa cha zinthu zina monga ukalamba, fodya, mowa ndi chibadwa, zomwe zikanamugwira munthuyo ngakhale akanapanda kulowa m'makina owotchera. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa munthu amene anachira khansa akadwalanso amafulumira kuloza chala chithandizo chake, pamene nthawi zambiri gwero lili kwina.

Nanga khansa yotere imaoneka patapita nthawi yaitali bwanji?

Khansa ya m'magazi imafulumirako, ndipo kawirikawiri imaoneka zaka 10 zisanathe. Zotupa za m'mawere, m'mapapo, m'matumbo kapena m'chikhodzodzo zimachedwa, zambiri zimabwera patadutsa zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo chiopsezo chake chimapitirira kwa zaka makumi angapo.

Kodi ndani amene ayenera kusamala kwambiri?

Choyamba ndi msinkhu umene munthu anali nawo polandira chithandizo. Wazaka 25 ali pachiopsezo chachikulu kuposa wazaka 70, chifukwa minofu yake imakhudzidwa msanga ndi cheza komanso ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti khansayo ikulire. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha amayi amene anawotchedwa pachifuwa asanakwanitse zaka 30 pochiza khansa yotchedwa Hodgkin lymphoma, amene chiopsezo chawo cha khansa ya m'mawere chimakwera kwambiri. Abambo amene anawotchedwa chifukwa cha khansa ya prostate, ndi amayi amene anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, chiopsezo chawo chimakwera pang'ono pa khansa ya m'chikhodzodzo ndi ya kumapeto kwa matumbo aakulu.

Chachiwiri ndi fodya, ndipo apa ndi pamene wodwala ali ndi mphamvu zambiri m'manja mwake. Kafukufuku wina wa mu 2017 wokhudza amayi owotchedwa chifukwa cha khansa ya m'mawere anayerekezera kuti cheza chimawonjezera ngozi yomwalira ndi khansa ya m'mapapo ndi pafupifupi 4 pa 100 kwa mayi wopitiriza kusuta, koma ndi 0.3 pa 100 yokha kwa mayi wosasuta. Makina ake ndi omwewo, mlingo wa cheza ndi womwewo, koma ndudu ndi imene ikusiyanitsa awiriwa. Palinso mankhwala ena a chemotherapy amene pawokha amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'magazi, ndi matenda ena akumtundu monga Li-Fraumeni, amene amachititsa madokotala kupewa cheza ngati pali njira ina.

Kodi ndondomeko yoyezetsa imati chiyani?

Ndondomeko yomveka bwino kwambiri ndi ya amayi amene anawotchedwa pachifuwa ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Malangizo a akatswiri m'mayiko ambiri amati mayi wotere ayambe kuunikidwa mawere chaka chilichonse patatha zaka 8 chithandizo chitatha, koma osati asanafike zaka 25, ndipo kuunikako kumachitika ndi makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI komanso X-ray ya mawere yotchedwa mammogram. Izi zikutanthauza kuti mayi amene anawotchedwa ali ndi zaka 22 ayenera kuyamba ali ndi zaka 30, kale kwambiri amayi anzake asanaitanidwe kokayezetsa. Kwa odwala ena onse palibe lamulo limodzi, ndipo dokotala amakonza ndondomeko potengera chiwalo chimene chinawotchedwa, mlingo wa cheza ndi mbiri ya banja.

Kodi ndi bwino kukana radiotherapy pofuna kupewa zimenezi?

Ayi. Khansa imene munthu ali nayo lero ndi yoopsa kwambiri kuposa imene mwina ingadzabwere patapita zaka 20. Komanso ziwerengero zambiri zimene tili nazo zinachokera kwa anthu amene anachizidwa kale ndi njira zowotcha malo aakulu, pamene masiku ano madokotala amalunjika cheza pa chotupa mothandizidwa ndi zithunzi za m'kati mwa thupi zojambulidwa ndi makina a CT komanso kompyuta.

Kodi amene anamaliza kale chithandizo achite chiyani?

Apemphe kuchipatala chikalata chofotokoza chiwalo chimene chinawotchedwa, chaka chake, mlingo wa cheza umene umalembedwa mu muyeso wotchedwa Gray, ndi mayina a mankhwala amene analandira, ndipo achisunge bwino, popeza dokotala amene adzamuone zaka 15 kutsogolo mwina sadzakhala amene anamuchiza. Akaona chotupa kapena bala losapola pamalo amene anawotchedwa, magazi mu mkodzo kapena m'chimbudzi, chifuwa chosatha, kuvutika kumeza, kapena kuwonda popanda chifukwa, apite kuchipatala osadikira tsiku limene anamulembera, ndipo auze dokotala poyambirira penipeni kuti analandirapo radiotherapy.