Chimbudzi chikamawawa masiku a kumwezi

Cham'mimba amayi amachitchula momasuka, koma ululu umene umabwera akakhala pachimbudzi masiku a msambo ambiri amaubisa, ngakhale kwa namwino. Ena amati umakhala ngati mpeni wobaya kuchokera kotulukira chimbudzi kukwera m'mimba, mpaka thukuta kamukamu. Manyazi amenewa amachedwetsa chithandizo, chifukwa ululuwu ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene zimamulondolera dokotala ku gwero la vuto.

Chiberekero ndi thumbo lomalizira n'zogundana, thumbolo lili kumbuyo kwake. Msambo usanayambe, homoni ya progesterone imachuluka ndipo imachititsa matumbo ulesi, n'chifukwa chake ambiri amadzimbidwa sabata imeneyo. Homoniyi ikatsika, chiberekero chimatulutsa timadzi totchedwa prostaglandin, tochifinya kuti magazi atuluke. Timadziti sitisankha, timafinyanso matumbo. Kwa ena m'mimba mumatseguka. Kwa ena chimbudzi cholimba chimene chinaunjikana chija chimakankhidwa ndi thumbo lopotokola, pambali pa chiberekero chowawa kale. Ululu wamtunduwu umakula tsiku loyamba ndi lachiwiri, umachepa mukangomaliza kudzithandiza, ndipo pofika tsiku lachitatu umakhala ukuzilala.

Umenewu umamva mankhwala, bola nthawi yake. Ibuprofen amaletsa thupi kupanga prostaglandin, choncho amagwira bwino mukayamba kumwa mutangoona zizindikiro zoyamba, osadikira kuti ululu ukhwime. Mlingo wa munthu wamkulu ndi 400 mg pakatha maola 8 aliwonse, mutadya kaye, osapitirira 1,200 mg patsiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mphumu yoyamba ndi mankhwala oterewa, kapena akuganiza kuti ali ndi pakati, asamwe, afunse kuchipatala.

Pali msampha umene Amalawi ambiri kuno ku Joni amagweramo. M'mafamase mumagulitsidwa mapiritsi a ululu okhala ndi codeine, monga Adco-Dol ndi Myprodol. Amaziziritsa ululu lero, koma codeine amaumitsa chimbudzi, ndiye mawa pachimbudzi pamawawa kuposa dzulo, munthu n'kumwanso ena. Amayambitsanso chibaba. Werengani pabokosi kapena mufunse wogulitsa. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amalimbitsa chimbudzi ndi kuchidetsa. Musawasiye, koma muuzeni namwino.

Kufewetsa chimbudzi kuyambe sabata imodzi msambo usanafike. Ufa wa papa umene timagula m'mashopu ndi wochotsedwa gaga ngati ufa woyera wa kwathu, ndipo ukaphatikiza ndi buledi woyera, tchipisi ndi nkhuku, matumbo alibe chokankhira. Onjezerani nyemba, nandolo, masamba monga nkhwani, bonongwe kapena sipinachi, phala la oats, papaya ndi mapeyala. Madzi akhale malita awiri patsiku, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kuzizira kumaiwalitsa ludzu. Ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mashopu, komanso okhalitsa m'matekisi, amazolowera kupirira chimbudzi chikawapeza. Chikakhalitsa m'thumbo, thupi limayamwa madzi ake n'kuuma. Pokhala pachimbudzi, pondani kampando kapena njerwa ziwiri kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramirani kutsogolo pang'ono, pumani, osatchima. Zikakanika, mankhwala amadzi otchedwa lactulose, 15 ml kamodzi kapena kawiri patsiku amafewetsa pakatha tsiku limodzi kapena awiri.

Ululu wotentha ngati wodulidwa ndi lezala pakhomo penipeni, ndi timagazi tofiira pa tishu, nthawi zambiri ndi kung'ambika kwa khungu la pamenepo kapena matenda a mudzi. Kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15 kumathandiza, koma mukaonetsebe.

Koma pali ululu wina umene sitifuna kuti wina aliyense auzidwe kuti "ndi mmene amayi analengedwera". Ndi wa endometriosis. Pa matendawa, minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake: pa mabasiketi a mazira, kumbuyo kwa chiberekero, ngakhale pa thumbo lenilenilo. Mwezi uliwonse imatupa ndi kutuluka magazi opanda kolowera, n'kusiya zipsera zomata thumbo ku chiberekero. Chimbudzi chikamadutsa chimakoka malo omatanawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amagwira mayi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka, pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse, ndipo ambiri amatha zaka asanadziwe dzina la chimene chikuwazunza.

Mudzaukayikira ululu ukamakula chaka ndi chaka, ukamayamba magazi asanaoneke n'kupitirira atatha, ibuprofen akamalephera, mukamajomba kuntchito mwezi ndi mwezi, mukamamva kuwawa m'kati pogona ndi abambo, kapena pakati pakamavuta kutenga. Magazi otuluka kunjira ya chimbudzi masiku a msambo okhaokha ndi chizindikiro chofunika kwambiri. Malangizo akuti "ungobereka, zidzatha" ndi osocheretsa: pakati pamangopumitsa zizindikiro, sipachiza.

Musanapite kuchipatala, lembani kwa miyezi iwiri kapena itatu: tsiku loyamba la msambo, masiku amene chimbudzi chinawawa, kukula kwa ululu kuyambira 1 mpaka 10, ndi mapiritsi amene munamwa. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuvutani, pepala limeneli lidzakuyankhulirani. Yambirani kukiliniki ya dera lanu, chifukwa kuti muonane ndi madokotala a matenda a amayi kuzipatala zazikulu za Rahima Moosa, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath pamafunika kalata yotumizira. Kumeneko amapima ndi manja, amajambula ndi sikani yolowetsa kunjira ya amayi, nthawi zina makina ojambula m'thupi a MRI kapena opaleshoni yaing'ono yolowetsa kamera pamchombo. Sikani ikaonetsa kuti zonse zili bwino sizitanthauza kuti endometriosis palibe, chifukwa timinofu tating'ono sitioneka. Chithandizo chimayamba ndi mahomoni ochepetsa kapena kuimitsa msambo: mapiritsi olera omwa mosadukiza, jakisoni, lupu ya Mirena, kapena dienogest wa 2 mg tsiku lililonse. Ngati mukufuna mwana, nenani poyambirira, chifukwa njira imasintha.

Zina sizodikira kalendala. Ululu woopsa wa mbali imodzi msambo utachedwa, pamodzi ndi chizungulire, ukhoza kutanthauza kuti mwana wakhala kunja kwa chiberekero. Kutentha thupi ndi chikazi chonunkha, chimbudzi chakuda bii musakumwa mapiritsi a magazi, kapena mimba yotupa ndi kusanza mphweya usakutuluka, zonsezi ndi zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.