Maphunziro a azimayi apakati si a apamwamba okha ayi

Kuno ku Lusaka ambiri timaganiza kuti kalasi yokonzekera kubereka ndi ya anthu a ku Kabulonga olipira kuchipatala cha pulayiveti, ife a ku Kanyama ndi Chawama atilangize apongozi basi. Si zoona. Pa antenatal ku kiliniki ya boma anamwino amaphunzitsa ulere, ndipo ndi komweko amakupimani BP, HIV ndi chindoko, nkukupatsani mapilisi owonjezera magazi ndi Fansidar woteteza malungo.

Posankha osayang'ana mipando yabwino, funsani ngati wophunzitsayo ndi mzamba amene anaphunzira ntchitoyi, ngati amalola bambo kukhala nawo, komanso ngati amafotokoza zizindikiro zoopsa, kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zidima, kutupa nkhope ndi manja, mwana kusiya kusuntha, chifukwa zimenezi zikachitika 2 koloko usiku bambo ndi amene amathamangira galimoto, ndiye azidziwe.

Chimandiwawa ndi chobisa mimba mpaka ionekere. WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, kuyambira 2016 imati muonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanakwane, ngakhale mimbayo ikhale yachinayi.