Lilongwe mpaka Joni: maola awiri ndi theka amachokera kuti?

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500, mukayeza molunjika. Ndege ngati Boeing 737 ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Wodziwa masamu anganene kuti ulendowu sukwana maola awiri. Koma tikiti ya ndege yosaima panjira imalemba maola awiri ndi theka, kapena kucheperako pang'ono. Ife okonza maulendo a ndege timafunsidwa zimenezi kawirikawiri, ena mpaka kuganiza kuti kampani ikuwanamiza.

Palibe bodza. Nthawi ya pa tikiti imayamba ndege ikangosuntha pomwe inaima, n'kutha ikaima kumene ikupita. Kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wonyamukira kuli momwemo. Ku Lumbadzi zimenezi sizichedwa, koma ku OR Tambo, komwe ndege zimachita kudikirana, mphindi zimatha ndithu.

Liwiro lija la 800 ndege silipeza ikangonyamuka. Imatenga mphindi pafupifupi 20 ikukwera kufika makilomita 10 kapena 11 m'mwamba, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo mafuta sapita ambiri. Kutsika imayamba kudakali makilomita oposa 150. Ikafika m'munsi mwa mamita 3,000, malamulo a mayiko ambiri salola kupitirira makilomita 460 pa ola. Ndiye pa ulendo waufupi ngati uwu, gawo lalikulu ndege imakhala isali pa liwiro lake lenileni. Njiranso siwongoka monga pamapu: oyang'anira mlengalenga ali ndi njira zawo zoikika, ndipo nyengo ya dzinja woyendetsa amalambalala mitambo ya mabingu. Wanzeru salowamo.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi mphepo. M'mwambamo muli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kum'mawa. Pa ulendo wathu wa ku Joni siionekera kwambiri chifukwa timalowera kum'mwera, koma pakati pa London ndi New York, mtunda wa makilomita oposa 5,500, kupita ku New York kumatenga maola pafupifupi 8, kubwerera ku London 7. Mtunda ndi womwewo, ndege ndi yomweyo. Mu February 2020 ndege ya British Airways inachoka ku New York n'kutera ku London m'maola 4 ndi mphindi 56, itakankhidwa ndi mphepo ya namondwe Ciara.

Makampani amawonjezeranso timphindi pa nthawi yolembedwa. Ine sindiwadzudzula, chifukwa munthu amene akukalumikiza ndege ina amafuna nthawi yodalirika, osati yokoma m'maso.

Pogula tikiti onetsetsani ngati ndegeyo ikudzera ku Chileka. Ikaima ku Blantyre, kutera, kutsitsa ndi kukweza anthu kumawonjezera ola kapena kuposa, ngakhale mtunda wawonjezeka pang'ono chabe. Dziwaninso kuti nthawi ya pa tikiti ndi ya kumene mukunyamukira ndi kumene mukukafikira. Malawi ndi South Africa wotchi ndi imodzi, koma Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo ndi ola limodzi, choncho popita kumeneko chotsani ola pa zimene mwawerengera, pobwera muwonjezere.