Ng'ona ya pa doko lanu sinatumidwe ndi munthu

Ng'ona ikagwira munthu ku Makhanga, ku Chiromo kapena kumadimba a kumunsi kwa Nchalo, ife a zanyama zakutchire timafika mlandu utagamulidwa kale. Ati ng'onayo ndi yoweta, waituma ndi malume ake chifukwa cha malire a munda. Ndatopa nawo mawu amenewa, abale anga, chifukwa anthu akamalozana zala ng'ona ija imakhala ikadali pomwepo, kudikira wina.

Ng'ona ndi nyama yosunga nthawi. Imayandama mphuno ndi maso okha zili pamtunda, kuonerera. Mukamatunga madzi, kutsuka mapoto ndi kutumbula nsomba pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse, mwaiphunzitsa nokha. Matumbo a mlamba amene mumataya pa doko ndiwo amaiitana. Kuyambira cha mu Seputembala zazikazi zimakwirira mazira mumchenga wa m'mbali mwa madzi n'kumalondera pafupifupi miyezi itatu. Imeneyinso ndi nyengo imene ambiri muli kudimba, ndipo wolima mpaka pagombe penipeni akulima pafupi ndi chisa.

Dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, linalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano loteteza madambo la Ramsar mu 2017. David Livingstone atadutsa mu 1859 anapezamo njovu zambirimbiri. Lero mulibemo. Zatsala ndi mvuu, ng'ona, mbalame ndi nsomba, ndipo nsombazo tikuzikokolola ndi maneti a udzudzu omwe sasiya ngakhale mwana wa makakana. Bango tikutentha kuti tipeze malo olima. Nsomba zikachepa msodzi amalowa mkati mwenimweni mwa dambo, ndipo ng'ona nayo imatsata nsomba zokodwa muukonde wake. Mvuu nkhani yake ndi yomweyo: imatuluka usiku kukadya msipu podzera njira yake ya masiku onse. Mukadzala chimanga panjirapo idzadya, ndipo mukaima pakati pa iyo ndi madzi mwaika moyo pachiswe.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mtsikana wina amene anagwidwa mwendo akuzula nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi, chaka cha njala. Amayi anzake anamulanditsa pomenya ng'onayo ndi makasu. Anapulumuka, fupa silinathyoke, ankayankhula bwinobwino. M'malo mothamangira kuchipatala anamutengera kwa sing'anga kuti akaone amene watuma. Kumeneko anamutemera mphini, pabalapo anapakapo phulusa losakaniza ndi mizu yosinja, n'kumanga ndi chitenje. Pamene ankafika naye kuchipatala mwendo unali utatupa, ukununkha, ndipo madokotala anaudula. Mayi ake anandiuza kuti, “Bambo, tinkafuna tidziwe kaye mwini ng'onayo.” Mkamwa mwa ng'ona mumakhala tizilombo tambiri, mano ake amalowa mwakuya, ndipo bala looneka laling'ono pamwamba limatha kuwola mkati m'masiku ochepa. Mwana uja akanatha kubwerera kwawo akuyenda ndi miyendo yake iwiri.

Ndiye pali ogulitsa zithumwa zomanga m'chiuno, ati ukavala ng'ona siikuona. Amenewo akukudyerani ndalama, komanso akukuchotsani mantha amene akanakutetezani. Munthu wovala chithumwa ndi amene amawoloka madzi ofika m'chifuwa dzuwa litalowa.

Munthu akalumidwa, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye, musathirepo china chilichonse kupatula madzi abwino, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa kabaza kaya pa bwato. Tsiku lomwelonso a nyakwawa adziwitse ofesi ya zanyama zakutchire, monga ya ku Lengwe. Mukatiuza patatha sabata, mutayamba mwathira poizoni pa nyama ya mbuzi n'kuiponya m'madzi, mwapha nsomba, mbalame ndi ng'anzi zomwe zimadya mazira a ng'ona, pomwe yolusa ija mwina yasamukira doko lina.

Ndipo inu a nyakwawa, sonkhanitsani anthu mumange mpanda wa mitengo yothithikana m'madzi pamalo otungira, muziuyendera madzi akasefukira chifukwa umazuka. Matumbo a nsomba akwiriridwe kumtunda, ndipo ana asatsike okha kudoko kukayamba kuda.